Azakhali: Nyumba sagula m'chilimwe

Azakhali,

Ndine bambo wa ana awiri. Ndimagwira ntchito pakampani ina ku Ginnery Corner, ndipo mayi a kunyumba amagulitsa kaunjika ku Limbe. Chikwatiranireni tili pa lendi ku Zingwangwa. Alandilodi athu akangomva pa wailesi kuti kwacha yagwa, mawa lake amabwera ndi lendi yatsopano, koma ukawauza kuti chitseko cha kubafa chagwa, makutu amagontha.

Tadzimana nthawi yaitali, iwo ku banki m'khonde, ine ku chipereganyu cha kuntchito, mpaka tapeza kangachepe koti n'kugulira pathupathu. Dobadoba wina wationetsa malo atatu. Oyamba ndi puloti m'mwamba mwa phiri la Soche, yotchipa zedi. Ukaima pamenepo Blantyre yense amakhala kumapazi ako, ndipo akuti amfumu asaina tsiku lomwelo. Achiwiri ndi nyumba yakalekale ku Ndirande, ya malemu ena, khoma lina lili ndi mng'alu, ana awo ndi amene akugulitsa. Achitatu ndi puloti yaikulu kupitirira Lunzu, komwe akuti tauni ikubwera. Ine mtima uli kuphiri. Mayi a kunyumba akuti Ndirande basi. Koma Azakhali, anzanga a kuntchito ndikawauza bwanji kuti ndagula ku Ndirande? Pano tikugona chofulatirana. Tithandizeni.

Wotopa ndi lendi,
Zingwangwa

Mwana wa achimwene anga,

Choyamba tembenuka uyang'ane kumene kuli mkazi wako, chifukwa m'nyumba mwanumo amene ali ndi mutu ndi iyeyo. Iwe uli ndi tayi.

Nditafika pamene ukuti "anzanga ndikawauza bwanji" ndinatsamwa ndi tiyi. Anzako akewo ndi ati? Omwe aja amakubwereka ya minibasi mwezi usanafike pakati? Iwowo nyumba zawo zili kuti? Ukafufuze bwino, upeza kuti amene amanyoza Ndirande mokweza mawu akukhala m'boizikota ya eni ake ku Namiwawa, ndipo alendo ake amawalonjerera pageti kuopa galu wa abwana.

Tiyambe ndi phiri lakolo. Blantyre si mzinda wa dzana. Amishoni a ku Scotland adafika kuno mu 1876. Nyumba ya Mandala ija idamangidwa mu 1882 ndipo ikadaimabe, tchalitchi cha St Michael chidatha mu 1891, khonsolo ya tauni idayamba mu 1895, ndipo mu 1956 Blantyre ndi Limbe adaziphatikiza kukhala mzinda umodzi. Zaka zonsezi anthu akhala akusankha malo. Azungu adayamba kutenga zitunda zabwino, za Sunnyside, Mount Pleasant ndi Nyambadwe, kumene madzi a mvula amatsika okha osagogoda pakhomo. Makampani adatenga pachidikha. Agogo ako obwera kudzafuna ntchito adadzipanikiza m'mbalimbali, ku Ndirande ndi kwina. Pa kalembera wa 2018 mzindawu udapezeka ndi anthu oposa 800,000, aliyense akufuna poika mutu. Ndiye iwe ukuganiza kuti khamu lonseli, kwa zaka pafupifupi 150, silidaione puloti yakoyo? Lidaiona, mwanawe. Lidaiona n'kuidutsa. Mumzinda wakale, malo amene ali opanda nyumba komanso otchipa amakhala ndi mlandu wake, ndipo ntchito yako ndi kuupeza mlanduwo ndalama zisanatuluke m'thumba.

Mlandu wa Soche sukusowa kufufuza. Iwe ukukhala ku Zingwangwa, Chilobwe ndi khomo loyandikana nalo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osapumira, phiri lomwelo lidatsika ndi matope ndi miyala ikuluikulu, nyumba n'kukwiririka eni ake ali momwemo. Anthu adakumba ndi makasu, ena ndi manja, kufunafuna abale awo. Apa sindikuseka ayi. Ndipo sikudali koyamba, poti mu Januwale 2015 madzi adaononganso dera lomwelo. Phirilo lidali nkhalango yotetezedwa. Mitengo tidaimaliza tokha, ina makala, ina kuotchera njerwa, ndipo dothi latsala lopanda choligwira. Amfumu asaina tsiku lomwelo, ndamva. Koma napolo sawerenga siginecha ya munthu.

Izi si za Soche yekha. Blantyre wazunguliridwa ndi mapiri, Ndirande, Michiru, Mpingwe, Bangwe, ndiye malo otsetsereka sungawathawe onse. Ukaima pa puloti iliyonse ya pamtunda, usayambe ndi kuyang'ana kumunsi kumene kuli magetsi okongola. Yang'ana kumwamba. Mwala waukulu uli pakati pa bwalowo udafika bwanji pamenepo? Sudamere. Ngalande yakuya imene yadula njira idakumbidwa ndi ndani? Anebawo adasema phiri kuti apeze posalala, n'kusiya chipupa cha dothi kuseri kwa nyumba chopanda miyala yochitchinga. Chikadzanyowa chidzagwera kwa yani? Kumunsi nakonso kuli milandu yake. Nyumba ya m'mphepete mwa Mudi, Nasolo kapena Naperi imakhala yotchipa pachifukwa chomwecho, ndipo madzi ake sabwera okha, amabwera ndi zonse zimene anthu a kumtunda adataya.

Ndiye pali madzi akumwa. Ambiri amene timamwa mu Blantyre amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukankhidwa ndi mapampu a magetsi kukwera mamita pafupifupi 800, kudzera ku Chileka, kuti afike m'matanki a mumzinda. Damu la Mudi ndi laling'ono, ndipo madzi a ku Mulanje aja odzera ku Nguludi adangobwera kudzathandizira. Madzi oyenda ulendo wotere akafika m'tauni amayamba akhutitsa okhala m'munsi. Wa pamwamba amalandira zotsala, kawirikawiri pakati pa usiku ena atatseka mipopi. Magetsi akavuta ku mapampu, woyamba kuuma ndi iwe wokonda kuona patali. Udzaima pakhonde n'kumaona Blantyre yense, inde, uli ndi chigubu chopanda kanthu m'manja.

Funso la madzi usamufunse dobadoba, ndiponso usawafunse abambo. Abambo amangopeza madzi ali kale kubafa, amayesa amatumphuka momwemo. Pita m'mawa pa kiyosiki, uwerenge ndowa zimene zili pamzere, ufunse amayi kuti dzulo mpopi unatuluka nthawi yanji. Uone m'makonde ngati muli migolo. Khomo lililonse likakhala ndi migolo iwiri itatu, wayankhidwa kale.

Komanso puloti yotchipayo yakuuza kuti lole imafika pati? Ngati imathera kumunsi, ndiye kuti mchenga, miyala, njerwa ndi simenti zonse zidzakwera pamutu pa anthu, ndipo mutu uliwonse uli ndi mtengo wake. Zimene wapulumutsa pogula udzazibweza ndowa imodziimodzi. Tsiku limene mkazi wako matenda a amayi adzamuyamba usiku, galimoto idzaima komweko kumunsi, iwe n'kumatsika naye pa wilibala.

Ndakuuza kale pamutu pa nkhaniyi, nyumba sagula m'chilimwe. Mu Okutobala malo alionse ndi mkwatibwi pa tsiku la ukwati: wadzola, wavala, akumwetulira aliyense. Ukafuna kumudziwa, kamuone m'mamawa asanasambe, ndipo m'mamawa wa malo ndi Januwale ndi Febuluwale. Pita mvula ikugwa, wapansi, utavala nsapato zako za kuntchito zomwezo. Udzaona wekha kumene madzi a aneba amathera, mlatho umene umamira, ndi njira imene wakabaza amakana ngakhale umuonjezere.

Tsopano nyumba ya ku Ndirande, imene ukuchita nayo manyazi. Ndirande si mmodzi, mwanawe. Kuli Newlines kwa mizere yowongoka, kuli Goliyo, kuli Chinseu, kuli Malabada, kuli Makata, ndipo kulinso Ndirande wa m'phiri amene ali ndi mlandu womwe uja wa Soche. Sunandiuze kuti nyumbayo ili mbali iti, ndiye yamba wadziwa zimenezo. Koma ngati ili poti galimoto imafika pakhomo, taona zimene ukugula. Ku Ginnery Corner ukhoza kupita wapansi tsiku limene mafuta asowa. Chipatala cha Queens chili pafupi. Mafakitale a ku Makata ali pamphuno, kutanthauza kuti anthu ofuna chipinda cha lendi sadzatha. Mumsika wa Ndirande mulibe chimene amisiri amalephera kupanga kapena kukonza, kuyambira mbaula mpaka mafelemu a mawindo, ndiye zokonzera nyumba sudzakwerera minibasi. Anzako akakufunsa, uziti ukukhala moyandikana ndi Nyambadwe. Si bodza.

Nyumba yakale ili ndi ubwino wina umene anyamata a tayi sauona: simenti yake idagulidwa kale. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo alandilodi ako si okhawo amene adamva wailesi, a hadiweya nawo adamva. Yenda mu Machinjiri kapena ku Chigumula uwerenge nyumba zimene zidaima pa windo, udzu n'kumera m'chipinda chochezera. Eni ake sadali opusa. Adawerengera bwino, koma mitengo idawathawa ali pakati. Iwe ukagula puloti, udzakhala ukulipira lendi ku Zingwangwa uku ukumanga, matumba awiri obooka nthawi imodzi. Nyumba yoti ili ndi denga, ngakhale yonyansa, umalowa mwezi womwewo, ndalama ya lendi n'kusanduka ya penti.

Usathamangirenso kubanki kuti akuonjezere ugule ya kumayadi. Mu 2024 chiwongoladzanja cha Reserve Bank chidafika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa amaikapo chawo pamwamba. Tenga cholembera. Ukabwereka K20 miliyoni pa 30 peresenti, chiwongoladzanja chokha ndi K6 miliyoni pachaka, K500,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo usanaikhudze. Za katapila sinditchula n'komwe, ndingakumenye.

Koma sindikuti ukagule wotsinzina chifukwa mkazi wako wanena. Mng'aluwo ukaufunse mafunso. Ulipo wa pulasitala chabe, wopyapyala, woti kamtengo ka machesi sikalowa. Umenewo ndi makwinya a ukalamba, tonse tili nawo. Ulipo wina wotsata mizere ya njerwa mokhotakhota, wotsika mpaka ku maziko, kumwamba kotakasuka koti chala chimalowa. Umenewo ndiye kuti nyumba ikukhala pansi mbali imodzi, ndipo zitseko za mbali imeneyo uzipeza zikukana kutsekeka. Tenga kiyi ukande pakati pa njerwa kunja. Likatuluka dothi, dziwa kuti adamangira matope, zimene si tchimo, nyumba zambiri zakale zili choncho ndipo zaima zaka makumi, bola denga likhale lotuluka bwino ndipo madzi asamayende m'tsinde mwa khoma. Ukaona penti yatsopano yolekezera m'mawondo, funsa chimene akubisa; nthawi zambiri ndi mzere wa chinyezi. Sunthako kabati imene yatsamira khoma. Kwera kusiling'i ndi tochi, ubaye mitanda ndi sikuludiraiva. Ikalowa mosavuta, chiswe chidakudyera kale. Denga likakhala la asibesitosi, lija lotuwa la nyumba zakale, usalole mmisiri kulicheka kapena kuliphwanya mwachisawawa, fumbi lake limaononga mapapo. Mawaya a magetsi a nthawi ya Kamuzu uwawerengere kuti udzasintha onse. Ndipo zungulira kuseri: chimbudzi chikadzadza, pali malo okumba china?

Zonsezi upite ndi mmisiri wako, womulipira iwe, osati amene dobadoba akuti "ndili ndi mnyamata wanga wodziwa". Dobadoba amadya pokhapokha malonda atheka. Kwa iye nyumba yoipa kulibe.

Mng'alu woopsa kwenikweni suli pakhoma, uli pamapepala. Chifukwa cha ukalamba wake, Blantyre ali ndi eni nthaka ambiri. Malo ena ndi a boma, lizi yake imachokera ku Unduna wa za Malo, kawirikawiri ya zaka 99. Ena ndi a Malawi Housing Corporation, imene idayamba mu 1964 n'kumanga mizere ya nyumba ija ya ku Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza ndi Chinyonga. Ena ndi mapuloti a khonsolo ya mzinda. Ena ndi a anthu ndi makampani kuyambira nthawi ya atsamunda. Ndiye pali madera aakulu kumene anthu adangogawiridwa ndi mafumu, ndipo oposa theka la anthu a mumzinda uno amakhala m'malo otere. Sindiwanyoza, ndi abale athu, ndipo ambiri akhalamo mwamtendere mpaka kuona zidzukulu. Koma udziwe chimene ukugula. Kalata ya amfumu ndi umboni woti mudapatsana ndalama pamaso pa anthu. Si lizi, banki siilandira ngati chikole, ndipo mwini nthaka weniweni akabwera ndi mapu ake, kalatayo siikuimira. Mtengo wake uzikhala wa kalata, osati wa lizi.

Choncho funsa nambala ya puloti. Wogulitsa akayamba kukanda m'mutu, wadziwa kale kuti muli gulu liti. Akakupatsa, pita nayo wekha ku ofesi imene imasunga failo yake, kaya ku Lands, kaya ku Housing, kaya kukhonsolo, ukaone dzina limene lili m'kaundula, ngati nyumbayo siili pa chikole kubanki, ndiponso ngati palibe amene adaikapo chiletso. Ufunse ngongole za msonkho wa khonsolo ndi za lendi ya nthaka, pakuti nyumba za malemu zimakonda kukhala ndi ngongole za zaka zambiri, ndipo zimatsata nyumba, sizitsata maliro. Bilu ya madzi uionenso. Akusonyeze mabikoni onse a m'malire, chifukwa mumzinda wakale mipanda imayenda usiku, ndipo ukhoza kupeza kuti khitchini ya aneba ili m'puloti yako kuyambira 1985.

Mawu akuti "ana awo ndi amene akugulitsa" ndi amene andidzutsa pampando. Ana angati? Onse? Abambo a mu Blantyre muno ndimawadziwa, mwanawe, ndidakula nawo. Amene adali ndi ana asanu ku Ndirande kawirikawiri adalinso ndi awiri ku Bangwe, amene amatulukira tsiku la maliro atafanana ndi malemu kuposa a m'nyumba. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana onse, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Munthu sagulitsa nyumba ya malemu chifukwa choti ndi woyamba kubadwa kapena ndi amene ali ndi makiyi. Payenera kukhala wilo yotsimikizidwa ndi khoti, kapena kalata ya kukhoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, kapena nkhaniyo ikhale m'manja mwa Administrator General. Amayi awo ngati ali moyo, ukawaone ndi maso ako, akuuze ndi pakamwa pawo kuti akudziwa. Mwana amene ali ku Joni naye amve. Apo ayi, udzapenta bwinobwino, n'kudzala maluwa, Disembala wina n'kutsika basi munthu ndi masutikesi akuti muno ndi mwa bambo anga.

Loya amadula, ndikudziwa. Koma amene amadula kwambiri ndi loya wa pambuyo, wokakuimira kukhoti. Ndalama zidzere kubanki, zisiye mapazi. Za kuwerengerana mitolo m'galimoto kuseri kwa botolo sitolo, mboni yake ali dobadoba yemweyo, ndisazimve.

Wandifunsa mosafunsa kuti ungadziwe bwanji ngati dera likukwera kapena likutsika. Anthu ophunzira amayang'ana mapulani a khonsolo, ndipo si zoipa, kawaone. Ine ndimayang'ana amene akuika ndalama zawo. Kodi anthu akuchotsa malata a dzimbiri n'kuika atsopano? Pali hadiweya yatsopano, ndipo ili ndi makasitomala? Eni nyumba amakhala pomwepo, kapena onse adathawa n'kusiya alendi okhaokha? Kumene mwini amagona pomwepo, ngalande imatsegulidwa ndipo zinyalala zimakhala ndi dzenje. Zimenezi si zaukhondo wa maso chabe. Kolera wa 2022 mpaka 2023 uja adachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre, ndipo adakonda kumene madzi ndi zimbudzi zimasakanikirana. Uone ana a yunifolomu m'mawa, akuyenda mtunda wautali bwanji. Uime pa siteji madzulo, uone minibasi yomaliza imadutsa nthawi yanji. Ufunse wakabaza ngati angakakusiye pakhomopo usiku. Akaseka n'kunena kuti "kumeneko bwana ndikusiyani pamsewu", usafunsenso za akuba. Ndipo dera lililonse limene munthu angayende wapansi kukafika ku yunivesite ya MUBAS kapena ya KUHeS lili ndi chuma chimene ambiri sachiwerengera: ana a sukulu osowa malo ogona, amene makolo awo amalipira teremu yonse. Zipinda ziwiri kuseri zikhoza kukulipirira fizi ya ana ako.

Upitenso kawiri kapadera. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi usiku, kuti udziwe ngati nyumba yabata ya pafupiyo si bala. Ndi Lamlungu m'mawa, kuti udziwe kukula kwa masipika a mpingo umene umapemphera m'kalasi ya kuseri. Ine ndine wa Mvano, kupemphera sindidana nako, koma Mulungu si wogontha.

Za kupitirira Lunzu sinditaya nazo malovu ambiri. Akuti tauni ikubwera, idawauza tsiku? Ngati mapolo a magetsi, mapaipi ndi msewu wodutsika m'dzinja zafika kale, ndiye ikubweradi. Ngati palibe, ukugula munda, ndipo ulipire mtengo wa munda. Mkazi wako azikwera maminibasi awiri kupita ku Limbe ndi awiri pobwera, ndi mabelo ake, tsiku lililonse. Werengera imeneyo pamwezi, uone ngati si lendi ina. Kunja kwa malire a mzinda nthaka ndi ya makolo, ndipo kuno kwathu imayendera mbumba. Malume akhoza kukugulitsa alongo ake osadziwa, iwe n'kudzakumana nawo atanyamula makasu mvula yoyamba. Ngati ili m'mbali mwa M1, uyezenso kuti siili m'malire a msewu, kumene nyumba amazilemba chizindikiro chofiira. Puloti yotere ndi yabwino kwa munthu amene ali kale ndi pogona ndipo akusungira ana. Iwe sunafike pamenepo.

Chigamulo changa ndi ichi. Phiri liiwale, ndipo dobadobayo umuuze kuti Azakhali akuti akamangepo yekha. Nyumba ya ku Ndirande ukaione mvula ikugwa, ndi mmisiri wako. Mng'alu ukakhala wa pulasitala, mapepala n'kukhala oyera, ana onse ndi amayi awo n'kuvomera, gula, ndipo mng'alu womwewo ukugwetsere mtengo. Chimodzi mwa izi chikalephera, usalire. Nyumba zakale zoterezi zilipo ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Chirimba, ngakhale ku Zingwangwa komweko, ndipo amene amayamba kumva kuti yakuti ikugulitsidwa ndi amayi a kumsika ndi a kumpingo, osati Facebook. Pamapepala palembedwe maina awiri, lako ndi la mkazi wako. Ndalama ya kaunjika ilimo m'menemo, ndipo abale ako, amene ndi abale anganso, ndimawadziwa bwino zimene amachita pamaliro.

Usiku uno upepese. Ndikamva kuti ukufulatirabe ndibwera ndekha.

Azakhali ako

Azakhali,

Ndine mayi, ndili ku Johannesburg komwe ndimaluka tsitsi. Ndakhala ndikutumiza ndalama kwa achimwene anga kuti andipezere nyumba yotchipa ku Bangwe kapena ku Chirimba. Anditumizira zithunzi pa WhatsApp, nyumba yokongola ya mpanda, koma akuti mapepala alembe kaye dzina lawo poti ine ndili kutali, tidzasintha ndikabwera. Ndikafunsa zambiri amakwiya, amati sindiwakhulupirira. Nditani?

Wakutali,
Johannesburg

Mwana wanga,

Zala zako zikutupa ndi kuluka mitu ya eni ake kuti achimwene ako alembedwe m'kaundula? "Kaye" ameneyo ndamuona akukalamba m'mabanja ambiri. Amayamba ali kaye, kenako alamu ako alowamo kuti aziyang'anira, kenako mwana wabadwiramo, ndipo ukamabwera umapatsidwa mphasa pabalaza ngati mlendo.

Kukhala kutali sikuletsa dzina lako kulembedwa. Ndiwe Mmalawi, chitupa uli nacho, ndipo loya akhoza kukonza kalata yopatsa achimwene akowo mphamvu yosaina m'malo mwako pa nyumba imeneyo yokha, dzina la mwini likhale lako. Kusintha dzina pambuyo pake si kufufuta ndi labala. Ndi kugulitsana kwatsopano, ndi misonkho yake, ndipo kumafuna kuti iwo avomere tsiku limenelo. Akadzatsogola mwadzidzidzi, nyumbayo idzawerengedwa chuma cha ana awo, iwe uli ndi zithunzi.

Zithunzizo nazonso sizinena kanthu. Mpanda wokongola aliyense akhoza kuima patsogolo pake n'kujambulitsa. Uwauze akuimbire pa vidiyo, ayambire pa siteji ya minibasi, ayende wapansi mpaka pakhomo, atsegule geti ndi kiyi, alowe, atsegule mpopi. Uone wekha kutalika kwa njira, kutsetsereka kwake, ndi ngati madzi akutuluka. Kenaka utume munthu wina wosakhala wa m'banja, kaya mkulu wa mpingo, akaone nambala ya puloti ku ofesi monga ndamuuzira mnzako wa ku Zingwangwayu.

Akakwiya, asiye akwiye, mkwiyo suphwanya chibale. Uwauze kuti si iwe, ndi Azakhali amene avuta. Msana wanga udazolowera. Koma usatumizenso ngakhale randi imodzi mpaka nambala ya puloti ndi dzina lako zioneke papepala limodzi.

Azakhali ako